Fungo la M'chipinda cha Dokotala Maxon

1

Ndinasanza pa tsiku la chitomero changa, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo zina zinagwera pa nsapato zatsopano za Idrissa.

Dzina langa ndine Zulaikha. M'chaka cha 2006 ndinkakhala ku Biwi ndi ababa, a Zaki, atelala osoka mikanjo ndi mayunifolomu, komanso ndi amayi aang'ono, a Hafsah. Amayi ondibereka anamwalira ndili kamtsikana. A Hafsah ndi mng'ono wawo. Anabwera kuchokera ku Mangochi kudzadwazika matenda, maliro atatha anatsala kuti andilere, kenaka ababa anawakwatira. Biwi yense ankawatama. Amayi a kumzikiti ankati, "Mwana uyu ndi wamwayi, umasiye sanaulawe."

Idrissa ankakwera basi kupita ku Dar kukapikula nsalu. Ndinamukonda chifukwa cha mmene ankatambasulira nsalu pa thebulo la ababa, pang'onopang'ono, ngati akuopa kuipweteka. Ndinkati munthu wosamala nsalu chonchi, mkazi adzamusamala bwanji!

Pa chitomeropo anabweretsa chikwama cha mphatso. Munali nsalu, ndolo, ndi kabotolo ka mafuta onunkhira kachivindikiro chonga golide. Azakhali ake anakatsegula nkundidontheza pamkono. Fungo lija litangondifika m'mphuno, mimba inatembenuka. Ndinathamangira pakhomo, koma Idrissa anali atakhala pafupi ndi chitseko.

"Ali ndi pakati," wina ananong'ona. Ndinamva.

"Chotsani botololo!" ndinakuwa ndili panja.

A Hafsah anakatola nkukaika m'chikwama chawo. "Zinthu zabwino chonchi sizitayidwa," anatero.

Kuyambira tsikulo, Idrissa akangondiyandikira ndinkachita nseru. Munthu akangotchula za ndowa yathu, ukwati wachisilamu umene unayenera kumangidwa Ramadhani ikatha, ndinkathawira kuseri kwa nyumba. Akwawo kwa Idrissa anatumiza mawu aulemu koma omveka: mtsikanayo achire mwezi wosala usanathe, apo ayi adzaonanso bwino.

2

Kuchipatala anandiyeza zonse. "Pakati mulibe, malungo mulibe, zilonda za m'mimba mulibe," anatero dokotala wa kumeneko. "Vuto lanu silili m'mimba ayi. Ku Kawale kuli munthu wina amene anaphunzira za maganizo ku Joni. Sapereka mapilitsi, amachiza pocheza. Kamuyeseni."

Tinapita ndi a Hafsah. Inali nyumba wamba, chipinda chochezera anachisandutsa ofesi. Munali kabedi kopapatiza, mpando umodzi kumutu kwake, ndi katani wobiriwira wochokera kudenga kufika pafupi ndi simenti. Pakhoma panali chithunzi cha mzungu wandevu woyang'ana ngati wina wamukwiyitsa.

Dokotala Maxon anali wamtali, wa mawu otsika, malaya oyera opinda manja.

"M'mutu mwa munthu aliyense muli kachipinda kamdima," anafotokoza. "Zinthu zimene zinatiwawa kwambiri, kapena zotichititsa manyazi, timaziponya m'menemo nkutseka, mpaka kuiwala kuti zilimo. Koma sizifa. Zimatulukira m'maloto, nthawi zina m'thupi. Mwana wanuyu pali chimene pakamwa pakukana kunena, ndiye mimba ikunena m'malo mwake."

"Ndiye mumutani?" anafunsa a Hafsah.

"Azigona apa. Ine ndizikhala kumutu, asamandione nkhope, kuti asamasankhe mawu pofuna kundisangalatsa. Azinena chilichonse chobwera m'maganizo."

"Agone? Inu muli pompo? Chitseko chotseka?" A Hafsah anakoka mpango wawo. "Astaghfirullah! Bambo, uyu ndi mwana wachisilamu, wotomeredwa. Ine ndikhala pomwepa."

"Mukakhala pomwepa sanena kanthu, mayi. Tiyeni tikambirane panja."

Anatuluka awiri. Ine ndinatsala ndi mzungu wandevu uja. Pobwera, a Hafsah anali atafewa.

"Tamvana," anatero. "Uzibwera wekha Lachiwiri ndi Lachinayi ukaweruka kusukulu. Ine ndili ndi zochita zambiri."

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira kutayipa ku Old Town. Ndinadabwa kuti agonja msanga chonchi, koma ndinakondwa.

Lachinayi lake nditagona pa kabedi kaja, ndinaloza katani. "Kuseriko kuli chiyani?"

"Makatoni a mabuku, ndi chitseko cha kukhitchini. Zulaikha, lamulo ndi limodzi. Musabise kanthu, ngakhale chopusa, ngakhale chonyansa. Zimene munene zithera m'chipinda chino. Ndikukulonjezani."

3

Simungadziwe kukoma kwake ngati simunayesepo. Kwathu mtsikana akayamba kulankhula, wina amamudula. Apa panalibe wondidula. Ndinkayang'ana madontho a dzimbiri pa siling'i nkumangolankhula: maloto anga, anzanga a kusukulu, tsiku limene ndinaba ndolo za mnzanga nkuziponya m'chimbudzi chifukwa cha nsanje. Kumutu kwanga kunkangomveka kupuma. Mwa apo ndi apo mawu otsika aja ankati, "Pitirizani," kapena, "Zikukukumbutsani chiyani?"

Tsiku lina ndili mkati molankhula ndinadzuka mwadzidzidzi, dzanja pakamwa.

"Adokotala, fungo lija! Lili muno!"

"Ine sindikumva kanthu. Gonani. Fungolo likuchokera m'kachipinda kamdima kaja. Chitseko chayamba kutseguka. Nzabwino zimenezo."

Ndinagona. Ndinawakhulupirira kuposa mphuno yanga. Kuyambira pamenepo fungolo linkabwera pafupifupi nthawi iliyonse, ndipo ndinkanyada kuti ndikuchira.

Kenaka chinachitika chimene mwina mwachiganizira kale. Ndinayamba kusita diresi ya Lachiwiri kuyambira Lamulungu. M'minibasi ndinkakonzeratu maloto okoma oti ndikawauze. Munthu amene nkhope yake ndinkangoiona polowa ndi potuluka anadzaza mutu wanga wonse.

Lamulo linali losabisa kanthu. Ndiye ndinanena.

"Adokotala, ndikamamva mukupuma kumutu kwangaku, ndimalakalaka nditakhala mpando mwakhalirawo." Ndinabisa nkhope m'manja. "Koma Idrissa akandiyandikira ndimamva ngati ndameza ntchentche."

Ndinkayembekezera kuti andikalipira, kapena, Mulungu andikhululukire, andigwira dzanja. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi.

"Simukukonda ine, Zulaikha," anatero modekha. "Zimachitika kwa odwala ambiri, ndipo ndi mbali ya chithandizochi. Simukundidziwa. Mwangotenga malaya a munthu wina nkundiveka. Pali mwamuna amene munkafuna kuti azikumverani chonchi, nkukukhumudwitsani. Funso ndi lakuti, malayawa ndi a yani?"

Ndinalira njira yonse kuchoka ku Kawale mpaka ku Biwi, wapansi. Komabe funso lija linanditsatira.

4

Yankho linabwera mkati mwa Ramadhani, masana otentha, milomo itauma ndi kusala. Fungo lija linali lamphamvu kuposa masiku onse.

"Musalithawe," anatero Dokotala Maxon. "Litsatireni. Likukutengerani kuti?"

Linanditengera kunyumba yathu yakale, chaka chimene amayi ankadwala. Ndinadziona ndabwera msanga kuchokera ku madrasa chifukwa aphunzitsi sanabwere. Amayi ali chigonere kuchipinda, akuitana ndi mawu otha mphamvu: "Hafsah, madzi. Hafsah." Palibe woyankha. Ndinapita kukawafuna amayi aang'ono ku kachipinda kosungira nsalu. Chitseko chinali chosatseka bwino. Fungo la mafuta amene ababa anabwera nawo kuchokera ku ulendo linali thoo. Ndinasuzumira.

Ababa. Ndi a Hafsah. Pamwamba pa nsalu za makasitomala.

Ndipo kuseri kwa khoma lomwelo amayi akuitanabe madzi.

Ndinabwerera chafutambuyo, ndinatunga madzi, ndinawamwetsa amayi. Anandifunsa kuti mng'ono wawo ali kuti. Ndinati apita kumsika. Amayi anamwalira mvula isanayambe, ndipo ine ndinaiwala. Ndikunenetsa, ndinaiwaliratu. Ndinakula ndikuwatcha a Hafsah kuti amayi, kuwapesa tsitsi, kuwauza zinsinsi zanga.

Nditamaliza kufotokoza, kuseri kwa katani kunagwa chinthu, gubudu.

"Chimenecho nchiyani?"

"Makoswe," anatero adokotala mwamsanga. "Avuta masiku ano. Tilekeze pomwepa lero."

Loweruka lake Idrissa anabwera kudzasiya nsalu. Ndinamulandira pakhomo, ndinaima pafupi naye, ndinamva fungo la sopo wake ndi fumbi la m'basi. Mimba inali zii. Ndinaseka mpaka misozi.

"Wachira?" anafunsa, maso ali mbee.

"Ndachira, Idrissa. Kauze akwanu."

A Hafsah ankationerera ali pawindo. Za zimene ndinakumbukira ndinali nditatsimikiza kuti sindidzauza munthu. Ndinkangofuna ndowa yanga, ndichoke m'nyumbamo mwamtendere.

5

Lolemba ndinamupeza Idrissa akundidikira pa siteji ya minibasi. Sanandipatse salamu.

"Ndiye ine ndi ntchentche?"

"Ukuti chiyani?"

"Ndikakuyandikira umamva ngati wameza ntchentche. Koma kwa adokotala ako ukufuna kusanduka mpando." Anaseka kuseka koipa. "Mpando, Zulaikha! Ine kuvutika m'mabasi, kugona pa boda, iwe ukukagona chagada ku Kawale kupempha mwamuna akukhalire!"

Kondakitala wina anasiya kuitanira anthu nkumamvetsera. Amayi ogulitsa mandasi anatembenuka.

"Wakuuza ndani?"

"Ndiye nzoona."

"Idrissa, ndi matenda, adokotala anafotokoza kuti..."

"Azakhali amva, amayi amva, kumzikiti amva. Akuti mutu wako suli bwino, umaona zinthu zomwe kulibe, umanamizira anthu. Lachisanu ankhoswe akumana kwanu." Anakwera minibasi yomwe sinali yopita kwawo nkomwe.

Mawu amene ananena anali anga enieni, osasintha ngakhale limodzi. Ndinawanena kamodzi kokha, m'chipinda chimodzi, kwa munthu mmodzi. Nseru inabweranso, koma ulendo uno ndinkadziwa mwini wake.

6

Lachiwiri ndinalowa osagogoda.

"Mwawauza," ndinatero.

"Sindinauze munthu aliyense. Gonani, tikambirane zimene mukumva."

Ankaoneka wotopa, ndipo sankandiyang'ana m'maso. Sindikudziwa chifukwa chake ndinamvera. Mwina chizolowezi. Ndinagona, koma m'malo moyang'ana siling'i ndinatembenukira kumbali, tsaya pa pilo.

Fungo lija linabwera.

"Lafikanso," ndinatero pang'onopang'ono.

"Ndi mkwiyo umene ukulidzutsa. Lili m'maganizo mwanu."

Maso anga anali pa mpata wa pakati pa katani ndi simenti. Pamenepo panali zala za kuphazi. Zikhadabo zopaka hina. Patapata wofiirira wa lamba womangidwa ndi waya, amene ine ndemwe ndinamumanga sabata yapitayo.

Ndinadzuka nkukoka katani mwamphamvu mpaka waya wake unaduka.

A Hafsah anali atakhala pa kampando pakati pa makatoni, chikwama pamiyendo, atavala mpango wawo wopitira kutauni, akununkhira mafuta a chitomero changa.

Kunja wina ankaitanira makala.

"Kuyambira liti?" ndinafunsa.

"Kuyambira tsiku loyamba," anayankha a Hafsah osachita manyazi nkomwe. "Unkaganiza kuti ndingamusiye mwana wa achemwali anga agone m'chipinda ndi mwamuna wachilendo? Ndinkalowera kukhitchini iwe usanafike. Ndipo ndinachita bwino. Taona zimene zimatuluka m'kamwa mwakomo."

Maloto anga onse. Ndolo za m'chimbudzi. Mpando. Kupuma kuja kumene ndinkakumva kumutu kwanga nkumasungunuka mtima, kodi kunali kwa yani? Ndinkabwera kunyumba nkudya nawo mbale imodzi, iwo akundifunsa mokoma, "Zayenda bwanji kwa adokotala, mwanangu?"

Ndinatembenukira kwa Dokotala Maxon. "Munalonjeza."

"Zulaikha, mvetsani. Kuchipatala kulikonse wodwala amakhala ndi gadiyani. Mayiwa ndi aakulu, sindikanawakaniza, akanakuletsani kubwera. Ndiponso ine ndinafunika mboni. Mukudziwa pakamwa pa anthu a kuno. Mtsikana wotomeredwa, chitseko chotseka, mawa dzina langa..."

"Dzina lanu."

"Anandilonjeza kuti sadzanena kanthu."

"Nanga fungo? Ndinkakuuzani kuti muno mukununkha, inu mukulimvanso ndi mphuno yanu, nkumandiuza kuti lili m'mutu mwanga. Munandiuza kuti amayi aang'ono ndi makoswe!"

Anakonza kolala. Kenaka anatsitsa mawu, mawu aja ndinkawalota. "Taonani bwino mkwiyo umenewu. Si wa ine ayi. Ndi wa bambo anu, mwangousamutsira..."

"Ayi, adokotala. Malaya awa okha ndi anu. Ababa anakusokerani pa saizi."

Ndinatsomphola chikwama cha a Hafsah, ndinatulutsa kabotolo kaja, ndinatuluka.

7

Lachisanu, pemphero la masana la kumzikiti litatha, anakhala pa mkeka m'nyumba mwathu: ababa, azakhali a Idrissa ndi nkhoswe yawo, Idrissa pakona, ndi nkhoswe yanga, amalume a Idi, mlongo wawo wa amayi ndi a Hafsah yemwe.

A Hafsah analankhula bwino kwambiri, misozi ili m'maso. Anati anandilera ngati wawo. Anati matenda a mutu ndi mayesero ochokera kwa Mulungu. Anachenjeza kuti ndikayamba kunena zachilendo za anthu a m'banja, andikhululukire, si ine ayi, ndi matendawo.

Apo mpamene ndinamvetsa. Nkhani ya mpando anaisunga osaiulula mpaka tsiku limene ndinakumbukira za kachipinda ka nsalu. Anafuna ndikhale wamisala ndisanatsegule pakamwa.

"Zulaikha, uli ndi mawu?" anafunsa amalume.

Ndinagwada pamaso pa ababa, ndinatsegula kabotolo, ndinakaika pa mkeka pafupi ndi mawondo awo.

"Ababa, ndikufunseni chimodzi chokha. Chaka chimene amayi ankadwala munabwera ndi mafuta ngati awa. Amayi sanadzolepo, fungo lililonse linkawapweteka mutu. Anadzola ndani?"

"Mwaona? Wayamba," anatero a Hafsah.

"Tsiku lija sindinakhalitse ku madrasa, ababa. Amayi ankaitana madzi. Inu munkawamva, khoma lake linali lomwelo. Ndinawamwetsa ndine."

Fungo linadzaza chipinda chonse. Ababa anayang'ana kabotolo kaja nthawi yaitali. Akanatha kukana, ndipo aliyense akanakhulupirira iwo. Koma sanakane. Anaimirira, anaponda kofia yawo yomwe inagwa, anatuluka. Tonse tinawamva kuseri kwa nyumba, pamalo pomwe ine ndinkathawira, akudzikoka kusanza m'mimba mopanda kanthu.

Amalume anatembenuka pang'onopang'ono. "Hafsah. Unachita zimenezi mkulu wako akadali moyo?"

A Hafsah anaphimba nkhope ndi mpango.

Alendo ananyamuka mwakachetechete. Ndinamuthamangira Idrissa pa mpanda. Ndinali ndikukhulupirirabe, mwana wopusa ine, kuti tsopano wamva zonse, andigwira dzanja.

"Wamva chimene chinkandisanzitsa. Sunali iwe, Idrissa. Anali mafutawo."

"Ndamva. Pepa." Ankayang'ana nsapato zake. "Koma mawu aja, a mpando, unanenadi?"

"Ndinanena."

"Anyamata a m'basi ya ku Dar ayamba kale kundiitana kuti Ntchentche." Anapukusa mutu. "Sindingathe, Zulaikha."

Ndowa inathera pamenepo. Munthu wotambasula nsalu mosamala uja sanathe kupirira dzina lachipongwe.

8

Pano ndimakhala ku Area 25, ndimatayipa pa ofesi ina. A Hafsah anabwerera ku Mangochi chaka chomwecho. Ababa akusokabe. Ndimapita kukawaona pa chikondwerero cha Idi, timakambirana za mvula ndi mitengo ya ulusi.

Owerenga anzanga, mwina mukuyembekezera kuti ndinene kuti chithandizo cha pocheza ndi bodza la azungu. Ndikanakonda ndikanatero, mtima ukanapepuka. Koma chimene chimandinyansa kwambiri nchakuti munthu uja ankaidziwa ntchito yake. Kachipinda kamdima kaliko. Malaya ndinamuvekadi. Sindinasanzenso mpaka lero. Anandichiritsa, kwinaku akundivula pamaso pa munthu yekhayo amene sankayenera kundiona, kuti dzina lake ku Kawale lisade.

Anthu ena ndikawauza amati, "Koma mayi akowo analakwa chiyani? Anakulondera." Mwina nanunso mukutero. Kwathu kuno wodwala sakhala yekha, ndipo nthawi zambiri nzabwino. Gadiyani amakusambitsa, amakutembenuza, amamva zimene dokotala wanena. Koma pali mabala ena amene gadiyaniyo ndiye anakucheka.

Chaka chatha ndinalimba mtima nkupita kwa mlangizi wina, mayi wachikulire, chifukwa maloto a amayi akuitana madzi sanathe. Anandilandira bwino nkundilozera mpando. Ndinawapempha adikire kaye. Ndinatsegula kabati yawo, ndinasuzumira kuseri kwa chitseko, ndinakweza katani wa pawindo mpaka pamwamba.

"Mukufuna chiyani, mwanangu?" anafunsa.

"Makoswe," ndinayankha.

Sanaseke. Anadzuka, anatsegula okha chitseko china chimene sindinachione, nandionetsa kuti mulibe munthu. Kenaka ndinakhala pansi, ndinanunkhiza mpweya kawiri, nkuyamba kulankhula.